Phunziro la pa Benchi

Anzanga ambiri pa sukulu pano amadziwa kuti ndine mmodzi wa anyamata a timu yathu ya basketball, koma ndi owerengeka amene anandionapo nditagwira mpira pa tsiku la mpikisano. Cifukwa cace ncosabisika: malo anga ndi pa benchi. Mphindi zonse zimene ndinalowa m'bwalo teremu yatha mungathe kuziwerenga ndi zala za manja awiri, ndipo zala zina zingatsale.

Zimenezi zinandiwawa kwambiri, kotero kuti pa holide ndinapempha atate kuti andisamutsire ku sukulu ina kumene ndinamva kuti akusowa anyamata atali ngati ine. Atate sanakane, komanso sanabvomere. Iwo anangondifunsa kuti, "Kodi kumene ufuna kupitako afika pa mutu wanji m'buku la Masamu?" Ine kukamwa kunauma, pakuti funso limenelo linali lisanandifikepo m'mutu. Titatsegulira sukulu ndinakadandaula kwa aphunzitsi athu a masewera, ndipo iwo anati bvuto langa si lacilendo ai, cifukwa anyamata ndi asungwana ambirimbiri m'makoleji a ku America amalimbana nalo caka ndi caka. Anandilangiza kuti ndiyambe ndawerenga za iwowo ndisanamange katundu. Ndinawerengadi, ndipo zimene ndinapeza ndizo ndalemba pano, kuti kapena zingathandize wina amene mtima wace ukumuuza zimene wanga unkandiuza.

Masamu a pa bwalo

Masewera a basketball anayambidwa mu December 1891 ndi mphunzitsi wina wobadwira ku Canada, dzina lace James Naismith, mu mzinda wa Springfield ku Massachusetts. Iye ankafuna masewera oti ophunzira ace azisewera m'nyumba pa nyengo yozizira, ndipo anapacika madengu awiri otolera zipatso kuti aziponyamo mpira. Masiku ano timu iri yonse imalowetsa osewera 5 m'bwalo nthawi imodzi, ndipo m'makoleji a ku America masewera amatenga mphindi 40. Tikaculukitsa 5 ndi 40 tipeza 200. Mphindi 200 zimenezi ndico cuma conse cimene mphunzitsi wa timu ali naco coti agawire ana ace pa tsiku la mpikisano.

Tsono timu ya koleji yaikulu imakhala ndi osewera 13 kufikira 15. Kukanakhala kugawa mofanana, ali yense akanalandira mphindi 13 kapena 15. Koma mphunzitsi sagawa monga amai agawira ndiwo pakhomo. Iye amagawa kuti apambane, popeza akagonja kawiri kawiri amamcotsa nchito. Osewera 5 oyamba angathe kutenga mphindi 30 ali yense, ndiko kuti 150. Zotsala 50 zimapita kwa anyamata atatu kapena anai, ndipo ena onse nchito yao ndi kuomba m'manja. Kumbukirani kuti woomba m'manjayo anali katswiri ku sekondale kwao, ndipo dzina lace linkachulidwa m'tauni monse.

Cinanso ncakuti zaka za wosewera pa koleji nzowerengeka. Bungwe loyang'anira masewera a m'makoleji, lochedwa NCAA, limene linayamba mu 1906, kwa nthawi yaitali linasunga lamulo lakuti wophunzira asewere zaka 4 zokha m'kati mwa zaka 5. Mnyamata amene wakhala pa benchi zaka ziwiri ndiye kuti theka la nthawi yace lapita. Ndani angamdzudzule akayamba kusuzumira kwina?

Malamulo a kusamuka, kale ndi tsopano

Kale kusamuka kunali ndi mtengo wace. Wosewera basketball wa m'gulu la makoleji akulu akulu, lochedwa Division I, akacoka pa koleji yace kupita ku ina ankakhala caka cathunthu osasewera mpikisano. Ankaloledwa kulowa m'kalasi ndi kukonzekera pamodzi ndi anzace, koma pa tsiku la masewera ankangoonerera. Seth Curry anacoka ku Liberty mu 2009 napita ku Duke, ndipo m'caka cace codikiraco timu ya Duke inatenga cikho ca dziko lonse, mu 2010, iye ali khale pambali.

Anthu ambiri ankadandaula kuti lamulo limeneli linalibe cilungamo, pakuti mphunzitsi wa timu ankatha kucoka lero ndi kuyamba nchito pa koleji ina mawa, pamene mwana amene anabwera cifukwa ca iyeyo ankadikira caka akafuna kucoka. Zinthu zinasintha pang'ono pang'ono motere:

1. Mu October 2018 NCAA inatsegula kaundula wa pa intaneti wochedwa transfer portal. Wosewera wofuna kucoka amauza koleji yace, ndipo kolejiyo imalemba dzina lace m'kaundulamo. Aphunzitsi a matimu ena amaliona dzinalo ndipo amakhala ndi ufulu wolankhula naye. Izi zisanacitike, mwana ankayamba wapempha cilolezo kwa eni ace a timu imene afuna kuisiyayo.

2. Mu April 2021 anabvomereza kuti wosewera angathe kusamuka kamodzi ndi kuyamba kusewera osadikira caka.

3. Mu July 2021 osewera analoledwa kulandira ndalama cifukwa ca maina ao ndi zithunzi zao, monga pa kutsatsa malonda.

4. Mu December 2023 khoti la ku West Virginia linaimitsa lamulo lodikiritsa wosamuka kaciwiri, ndipo mu April 2024 NCAA inalola kusamuka kangapo konse, malinga maphunziro a wosamukayo akhale ali bwino.

5. Mu June 2025 khoti la ku California linabvomereza mgwirizano wolola makoleji kulipira osewera ao mwacindunji, kufikira madola pafupifupi 20.5 miliyoni pa koleji imodzi m'caka coyamba, zogawira masewera a mitundu yonse.

Citseko citatseguka cotere, anthu anakhamukira pakhomo. Kuyambira mu 2021 anyamata oposa 1,500 a basketball m'gulu la Division I akhala akulembetsa maina ao m'kaundula caka ciri conse, pamene onse pamodzi amangopitirira 5,000. Taganizani kalasi lathu lino, kuti pa anyamata anai ali onse mmodzi kapena kuposa wamanga katundu caka cikamatha.

Amene kusamuka kunawayanja

Ndisanachule zobvuta, ndiyenera kunena zoona, kuti alipo ambiri amene anapindula. Davion Mitchell anayambira ku Auburn kumene ankalowa m'bwalo kucokera pa benchi. Anasamukira ku Baylor, nadikira caka monga mwa lamulo lakale, ndipo mu 2021 anali mmodzi wa atsogoleri a timu imene inagonjetsa Gonzaga 86 kwa 70 ndi kutenga cikho. Caka comweco timu ya Sacramento Kings inamtenga kuti akasewere mu NBA, imene ndi ligi yaikulu ya akatswiri olipidwa. M'timu ya Baylor imeneyo munalinso mnyamata wa ku Cameroon, Jonathan Tchamwa Tchatchoua, amene nayenso anacita kusamukirako.

Oscar Tshiebwe, wa ku Lubumbashi, mzinda wa ku Congo woyandikana ndi malire a Zambia, anacoka ku West Virginia m'kati mwa caka cace caciwiri napita ku Kentucky, ndipo mu 2022 anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse m'makoleji a ku America. Msungwana wina, Angel Reese, anacoka ku Maryland kupita ku LSU mu 2022, ndipo mu 2023 timu yace yatsopano inatenga cikho ca asungwana. Walter Clayton Jr. anacoka ku koleji yaing'ono ya Iona mu 2023, mphunzitsi wace atacokanso, ndipo mu 2025 anatsogolera Florida kugonjetsa Houston 65 kwa 63 pa masewera otsiriza.

Nditawerenga maina amenewa ndinati basi, umboni wokapereka kwa atate ndaupeza. Koma aphunzitsi a masewera aja anaseka nati, "Iwe wawerenga maina a amene anaoloka mtsinje. Nanga amene anapita ndi madzi, ndani anakulembera maina ao?" Ndinabwereranso ku mabuku.

Katundu amene amatayika pa njira

Apa ndipo pagona phunziro lathu, ndipo ndikupempha kuti muwerenge mofatsa. Ku America digiri yoyamba kawiri kawiri imafuna makirediti 120. Musasokoneze ndi kirediti ya mayeso athu a Fomu 4, imene imasonyeza kuti wakhoza bwino. Kumeneko kirediti ndi muyeso wa maphunziro amene watsiriza. Phunziro limodzi la teremu imodzi nthawi zambiri limapatsa makirediti 3, ndipo wophunzira amasonkhanitsa pafupifupi 30 pa caka, kuti pakutha pa zaka 4 akwanitse 120. Tinganene kuti makirediti ndi njerwa, ndipo digiri ndiyo nyumba.

Tsono munthu akasamuka, koleji yatsopano ndiyo imagamula kuti pa njerwa zimene wabwera nazo ilandira ziti. Zina imazikana cifukwa iribe phunziro lofanana nalo. Zina imazikana cifukwa mwini wace sanakhoze bwino kwenikweni. Zinanso imazilandira, koma monga zoonjezera cabe, zosawerengedwa pa digiri imene munthuyo akufuna. Ofesi ya boma la America yofufuza za kayendetsedwe ka ndalama ndi nchito za boma, yochedwa GAO, inalengeza mu 2017 kuti ophunzira amene anasamuka makoleji pakati pa 2004 ndi 2009 anataya pafupifupi makirediti 43 mwa 100 ali onse. Ciwerengero cimeneci ndi ca ophunzira a mitundu yonse, osati osewera okha, koma ofesi yolandira ophunzira siyang'ana msinkhu wa munthu poyesa njerwa zace.

Tiyeni ticite samu imodzi pamodzi. Mnyamata waphunzira zaka ziwiri ndipo ali ndi makirediti 60. Akataya monga mwa muyeso umenewu, ndiye kuti 26 apita, atsala 34. Nchito ya zaka ziwiri yasanduka ya caka cimodzi ndi miyezi yocepa. Komatu si pokhapo. NCAA iri ndi lamulo lakuti wosewera wa Division I akhale atatsiriza magawo 40 mwa 100 a digiri yace polowa caka cacitatu, 60 polowa cacinai, ndi 80 polowa cacisanu. Magawo 40 mwa 100 a 120 ndi 48. Mnyamata wathu ali ndi 34. Wathawa benchi ku koleji yakale, ndipo ku yatsopano lamulo la maphunziro lingamkhazikenso pa benchi pomwepo.

Nanga amatani kuti asewere? Njira yapafupi ndi kusintha digiri, kusankha ina imene ikulandira makirediti ace ambiri. Motero mnyamata amene anapita ku koleji kukaphunzira uinjiniya angapezeke akuphunzira zina zimene sanazilotepo, osati cifukwa wazikonda, koma cifukwa ndizo zokha zimene zingamlole kubvala malaya a timu Loweruka likudzalo. Pamenepo mpira wasankhira munthu nchito ya moyo wace wonse.

Palinso lamulo lina la makoleji ambiri, lakuti sapereka digiri yao kwa munthu amene sanaphunzire pomwepo gawo lina lace, kawiri kawiri makirediti 30 otsiriza kapena kuposa. Amene wasamuka katatu kapena kanai angathe kufika pa mapeto a zaka zace zosewera ali ndi mulu wa njerwa za mitundu mitundu, koma nyumba palibe. Ndipo sikolashipi, ndiko kuti thandizo limene koleji imamlipirira fizi, cakudya, malo ogona ndi mabuku, si ya muyaya. Iri ndi malire a zaka.

Mabvuto ena atatu

Loyamba nlakuti kulembetsa dzina m'kaundula si kupeza malo. Dzina likangolowa, koleji yakale iri ndi ufulu wocotsa sikolashipi pakutha pa teremu, ndipo siikakamizidwa kumlandiranso m'timu. Caka ciri conse alipo ena amene palibe mphunzitsi amene amawaitana, ndipo ena amangopeza malo pa koleji imene thandizo lace nlocepa. Akulu anati mapanga awiri abvumbwitsa.

Laciwiri nlakuti ku koleji yatsopano mphindi ndi 200 zomwe zija. Mphunzitsi amene akukulonjeza malo akuwerenganso kaundula yemweyo, ndipo angathe kutenga anyamata ena awiri osewera pa malo ako omwewo iwe usanafike nkomwe. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lacitatu ndilo lalikulu. Ambiri amafuna mphindi zambiri kuti matimu a NBA awaone. Koma NBA imasankha osewera atsopano pafupifupi 60 okha pa caka, ndipo ena mwa malo amenewo amatengedwa ndi anyamata ocokera ku maiko ena. NCAA yeniyeniyo imawerengera kuti mwa anyamata ace 100 a basketball, pafupifupi mmodzi yekha ndiye amasankhidwa. Ena amakasewera ku Europe ndi kwina kwa zaka zingapo, koma unyinji umakadya thukuta la zimene unaphunzira m'kalasi. Ndipo ngakhale katswiri, bondo limodzi likabvulala, zonse zingathere pomwepo.

Anthu atatu amene anasankha mosiyana

Woyamba ndi Larry Bird. Iye anakulira m'tauni yaing'ono ya French Lick, ya anthu pafupifupi 2,000. Mu 1974 anapita ku Indiana University, kumene ophunzira anali oposa 30,000 ndipo timu yace inali yochuka. Malowo anamkulira, m'thumba munalibe kanthu, ndipo mwezi usanathe anabwerera kwao, nakagwira nchito za m'tauni, ina mwa izo yotola zinyalala. Mu 1975 analowa koleji yocepa ya Indiana State, nadikira caka. Timu imene anaisiya ija inatenga cikho mu 1976 osagonjako ngakhale kamodzi, ndipo anthu akanatha kunena kuti mnyamatayo wataya mwai. Koma ku Indiana State anakhazikika, ndipo mu 1979 anaifikitsa pa masewera otsiriza, kumene anagonja 75 kwa 64 kwa Michigan State ya Magic Johnson. Cimene cinandigwira mtima ncakuti timu ya Boston Celtics inali itamsankha kale mu 1978, koma iye anakhalabe caka cina pa koleji, nalandira digiri yace ya maphunziro a masewera olimbitsa thupi mu 1979. Kwa iye tikuphunzira kuti kusamuka si cimo, ngati munthu apita kumene angakhazikike ndi kutsiriza.

Waciwiri ndi Kaitlyn Chen. Iye anaphunzira ku Princeton, imodzi mwa mayunivesite 8 ochedwa Ivy League, amene sapereka sikolashipi ya masewera ndipo salola munthu amene watenga kale digiri yoyamba kusewera m'matimu ao. M'caka cace coyamba, 2020 mpaka 2021, Ivy League inaimitsa masewera cifukwa ca mliri wa Covid-19, kotero kuti pomaliza maphunziro anali atasewera zaka zitatu zokha. Sanathamange. Anatsiriza digiri yace ku Princeton mu 2024, ndipo pamenepo ndipo anasamukira ku Connecticut kukasewera caka cotsalaco. Mu 2025 timu imeneyo inagonjetsa South Carolina 82 kwa 59 ndi kutenga cikho. Msungwana ameneyu sanataye njerwa ngakhale imodzi, pakuti anasamuka nyumba itatha kale, denga liri pamwamba.

Wacitatu ndi Danny Wolf, mnyamata wamtali pafupifupi mafiti 7. Iye anaphunzira zaka ziwiri ku Yale, imenenso ndi ya Ivy League, ndipo m'caka caciwiri anali kale katswiri wa timu yace. Mu 2024 anasiya Yale asanatsirize napita ku Michigan, kumene mpikisano ndi wolimba ndipo maso a NBA ndi ambiri. Mu 2025 timu ya Brooklyn Nets inamsankha m'gawo loyamba. Zinamuyendera, ndipo sindingamnene kuti analakwa. Koma tizindikire kuti iye sanathawe benchi. Anali atapambana kale pamene anali, ndipo ankadziwa cimene akukafuna. Ambiri ofuna kutsata mapazi ace alibe msinkhu wace, alibenso umboni umene iye anali nao.

Ndionjezere mau ocepa za Stephen Curry, mkulu wace wa Seth amene ndamchula kale. Iye sanasamuke koleji, koma anacoka ku Davidson mu 2009 kupita ku NBA digiri isanathe. Anapambana zikho, napeza cuma cosaneneka, komabe koleji yace inasunga mwambo wace wakuti siipacika malaya a wosewera pa malo aulemu ngati sanatsirize maphunziro. Mu 2022, patapita zaka 13, iye anatsiriza digiri yace, ndipo caka comweco malaya ace a nambala 30 anapacikidwa. Ngati munthu wotere anaona kuti cinacace cikusowabe, nanga ife?

Mafunso asanu a munthu wofuna kusamuka

Pa zonse zimene ndinawerenga ndinatolapo mafunso asanu, amene ndikuganiza kuti wosewera ali yense ayenera kudzifunsa asanalembetse dzina lace.

1. Pa makirediti anga, ndi angati amene adzalandiridwa, ndipo ndi angati amene adzawerengedwa pa digiri imene ine ndikufuna? Yankho licokere ku ofesi ya maphunziro, lolembedwa pa pepala, osati pakamwa pa mphunzitsi wa timu.

2. Ndikasamuka ndidzatsiriza caka citi, ndipo ndani adzalipira ngati zaka zaonjezereka?

3. Ndiri pa benchi cifukwa ninji? Ngati patsogolo panga pali wamkulu amene akumaliza caka cino, kudikira miyezi yocepa kungandipatse malo. Ngati bvuto ndi kasewero kanga, ndiye kuti lidzalowa m'cikwama ndi kupita nane limodzi.

4. Mphunzitsi amene akundiitanayo atacoka, kapena ine nditabvulala osaseweranso, kodi ndingakondebe kuphunzira pa koleji imeneyo?

5. Kodi ndafunsapo munthu amene sapindula kanthu ndi kusamuka kwanga? Masiku ano pamene ndalama zalowa m'masewera a m'makoleji, alangizi aculuka, ndipo ena a iwo amadya pamene mwana wasuntha. Safunsa anadya phula, koma wofunsa kwa wogulitsa phula nayenso amadya lomwelo.

Amene wayankha bwino mafunso asanuwa napeza kuti kusamuka kumuthandiza pa bwalo ndi m'kalasi momwe, apite ndi mtendere. Amene wayankha limodzi lokha, la mphindi, ayambe wakhala pansi.

Za ine mwini

Ife kuno tiribe kaundula wa pa intaneti, tiribenso madola mamiliyoni, koma mafunsowa ndinawayesa pa ine ndekha. Ndinalembera kalata msuweni wanga amene amaphunzira ku sukulu ndinkafuna ija, ndipo anandiyankha kuti m'Masamu anatisiya ndi mitu iwiri, ndiponso kuti phunziro limodzi mwa amene ndikukonzekera kudzalemba pa mayeso a Fomu 4 iwo saphunzitsa konse. Njerwa zanga zikanatayika pa njira monga za mnyamata wa mu samu ija.

Funso lacitatu ndilo linandipweteka koposa. Ndinalimba mtima ndi kufunsa aphunzitsi a masewera cifukwa cace sandilowetsa. Iwo sanazungulire. Anati ndine wamtali ndithu, koma sinditha kuyendetsa mpira ndi dzanja lamanzere, ndipo timu iri yonse imene takumana nayo imazindikira zimenezi mphindi ziwiri zisanathe. Ndinaona kuti dzanja lamanzere limenelo ndikanapita nalo ku sukulu ina iri yonse m'dziko muno, pakuti silicotseka.

Ndinalembera atate kuti ndasintha maganizo. Yankho lao linali la mizere iwiri: anati amva, ndipo anafunsa za malikisi anga a Masamu. Sindinganame kuti zinthu zasintha kwambiri. Loweruka lapitali ndinalowa m'bwalo mphindi 6, ndipo anandilanda mpira kawiri, konse kuwiri ku dzanja lamanzere. Koma 6 ndi zambiri kuposa zimene ndinkalandira kale, ndipo buku langa la Masamu liri pa mutu umodzi ndi la anzanga.

Ndikudziwa kuti alipo ena pakati pathu amene sagwirizana nane, amene anganene kuti unyamata subwera kawiri ndipo munthu ayenera kusewera pamene miyendo ikali yolimba. Mau amenewo ali ndi nzeru zace, ndipo ndingakonde kuti bungwe lathu la mtsutso lidzaikambe nkhaniyi teremu ino. Amene sangathe kudikira tsikulo andipeze pa bwalo m'mamawa belu la phala lisanalire. Akaona mnyamata wamtali akuthamangitsa mpira umene wamthawa ku dzanja lamanzere, ameneyo ndine.

Mnyamata wa Fomu 3